Agogo a ku Muona pa gome la Matchaina

Akale adati safunsa adadya phula. Kawirikawiri mwambi umenewu amaponyera mlendo amene wafika pamudzi pa eni n'kuyamba kuchita zinthu mongoganizira. Koma masiku ano mwambiwu ukuyeneranso wolandira mlendo, makamaka achinyamata a kuchigwa cha Shire amene adakwera mapiri a Thabwa kukagwira ntchito ku Blantyre. Ambiri mwa iwo akalandira makolo ochokera ku Chikwawa kapena ku Nsanje sawapheranso nkhuku monga zinkakhalira kale. Amawakweza galimoto madzulo n'kupita nawo kumayadi, ku lesitilanti ya Matchaina ya nyali zofiira pakhomo, kumene operekera zakudya amavala mooneka bwino kuposa mkwati. Cholinga chake n'chabwino ndipo palibe angachinyoze, pakuti mwana akufuna kuonetsa kuti sukulu imene makolo adamulipirira ndi ndalama za thonje ndi mpunga idabala zipatso. Komatu cholinga chabwino sichidzaza mimba. Okalamba ena abwerera kuchigwa ali ndi njala ndi manyazi, chikhalirecho ndalama zimene zidatha usiku umodziwo zikadagula mbuzi pa msika wa Ngabu.

Zimene zidaonekera mayi wina wachikulire wa ku Muona, kwa Mlolo, zikufanana ndi za anzawo ambiri. Agogowa adapita ku Blantyre kukaonetsa maso kuchipatala, ndipo mdzukulu wawo wamwamuna, amene amagwira ntchito yabwino mumzindamo, adaganiza zowasangalatsa asadabwerere. Pa gome padakhala anthu asanu ndi awiri. Woperekera zakudya adagawira aliyense buku la mndandanda wa zakudya lolembedwa m'Chingerezi ndi m'Chitchaina, ndipo agogo nawonso adapatsidwa lawo, ngakhale kuti chowabweretsa m'tauni chidali vuto la maso lomwelo. Mdzukulu adati, "Agogo, sankhani chimene mtima wanu ukufuna." Iwo adalitembenuza bukulo kawiri n'kuyankha kuti, "Chilichonse, mwanawe." Aliyense adaitanitsa mbale yakeyake, ndipo itabwera adaikokera pamaso pake. Agogo adawaikira mbale ya zingwezingwe za ufa wa tirigu zonga supageti, pamodzi ndi timitengo tiwiri todyera. Madzi osamba m'manja sadabwere. Pamene iwo ankalimbana ndi timitengoto, adzukulu aang'ono adatulutsa mafoni n'kumawajambula uku akuseka, ndipo chakudya chisadazizire n'komwe zithunzi zidali zitafika kale kwa abale a ku Johannesburg. Agogo adadya pang'ono, adamwa tiyi wopanda shuga, n'kunena mwaulemu kuti akhuta. Usiku womwewo, atafika kunyumba, adafunsa mkazi wa mdzukulu wawo monong'ona ngati m'khitchini mudatsala mkute.

Nanga wolakwa ndani pamenepa? Si agogo ayi, ndiponso si eni lesitilanti. Wodya phula ndi mdzukulu uja, chifukwa usiku umodzi adaswa miyambo iwiri, wa kwawo ndi wa eni chakudyacho, osadziwa kuti miyambo iwiriyi ili ngati ana a mimba imodzi.

Munthu akayang'anitsitsa gome la m'malo odyera a Matchaina aona kuti lidapangidwa ndi cholinga. N'lozungulira, ndipo pa magome akuluakulu pamakhala galasi lina pakati limene limatembenuka munthu akalikankha ndi chala. Ntchito ya galasilo ndi yoti ndiwo zonse ziikidwe pakati, ziyende kwa aliyense, ndipo munthu azitapa pang'onopang'ono kuika m'kambale kake. Ku China munthu saitanitsa mbale ya iye yekha pamene ali pagulu. Woitana anzake ndiye amasankha zakudya za onse, ndipo amazisankha mosiyanitsa: china cha nyama, china cha nsomba, china cha masamba, china chowawa tsabola, china chozizira mkamwa. Mlendo wolemekezeka kapena munthu wamkulu koposa amamukhazika pampando woyang'ana kukhomo. Iye asadayambe kudya, achichepere amadikira. Mwini phwando amatapa nthuli yabwino n'kuiika m'mbale ya mlendo, ndipo wothira tiyi amayamba wadzaza makapu a anzake, yake n'kumalizira. Nsomba imabwera yathunthu, mutu ndi mchira womwe, ndipo nthawi zambiri mutuwo amaulozetsa kwa wolemekezeka uja. Amaikonda nsombayo pa madyerero chifukwa m'chiyankhulo chawo liwu lotanthauza nsomba limamveka mofanana ndi liwu lotanthauza zochuluka mpaka kutsala. Alinso ndi zoletsa zawo. Kuzika timitengo todyera chilili mumpunga n'kulaula, popeza kumafanana ndi zofukiza zimene amayatsira akufa.

Tsono wobadwira kuchigwa angamve zimenezi n'kunena kuti n'zachilendo? Pakati pa Amang'anja ndi Asena, nsima ya mapira kapena ya chimanga inkabwera m'mbale imodzi, ndiwo m'mbale ina, ndipo manja ambiri ankakumana momwemo. Beseni la madzi linkayambira kwa wamkulu n'kumatsika mpaka kwa wamng'ono, amene ankasamba madzi atada kale osadandaula. Wamkulu ndiye ankayamba kutema mbamu. Nkhuku ikaphedwa chifukwa cha mlendo, nthutumba inkapita kwa iyeyo, ndipo ikasowa m'mbale mayi wophika ankayenera kufotokoza kumene yapita. Mwana wothamangira nthuli yaikulu ankangomuyang'ana ndi diso, dzanja n'kubwerera lokha. M'midzi yambiri amayi a nyumba zingapo ankatengera nsima zawo pamalo amodzi, abambo ndi anyamata kwaokha, amayi ndi ana kwaokha, kotero kuti mwana wamasiye ndi nkhalamba yopanda woiphikira sankagona ndi njala. Kudyera pamodzi kumeneku ndiko kunkatchedwa chidyerano, dzina limene pambuyo pake lidadetsedwa ndi mchitidwe wina wosayenera kuutchula pa nkhani ya chakudya. Pa mbale imodzi ndi pamene mwana ankaphunzirira kuyeza njala yake poyang'ana njala ya mnzake, phunziro limene silipezeka m'buku lililonse la kusukulu.

Kufananaku kumafika mpaka pa kaganizidwe ka chakudya chenichenicho. Matchaina amagawa chakudya pawiri: fan, ndicho chokhutitsa monga mpunga, ndi cai, ndizo zodyera chokhutitsacho. Kumeneku n'kugawa komwe kuja kwa nsima ndi ndiwo. Kummwera kwa dziko lawo chokhutitsa ndi mpunga, pamene kumpoto ndi tirigu, ndipo amalimanso mapira, amene amatchezera kachasu wawo woyera uja. Ngakhale moni wawo wakale amafunsa ngati munthu wadya. Motero mbale ya munthu mmodzi, yokhala ndi mpanda wosaoneka umene dzanja la mnzako siliyenera kudumpha, si ya Chitchaina ndipo si ya kuchigwa. Idabwera ndi Azungu, idakhazikika kudzera m'sukulu zogonera komweko ndi m'mahotela, ndipo mdzukulu uja adainyamula n'kukaiika pa gome limene lidapangidwira zosiyana nazo. Adalipira ndalama zambiri kuti adye Chizungu pa gome la Chitchaina, agogo ake Achimang'anja akuonerera.

Pali chinanso chimene mdzukuluyo akadafunsa akadachidziwa. Agogo a ku Muona adakumana ndi Matchaina iye asadabadwe. Dziko la Malawi lidakhazikitsa ubale ndi Taiwan mu 1966, nthawi ya Kamuzu Banda, ndipo alangizi a ulimi ochokera kumeneko, amene anthu a m'midzi ankangowatcha Matchaina, adathandiza kukhazikitsa masikimu a mpunga wothirira m'madera angapo. Kuchigwa, sikimu ya Muona ku Nsanje ndi ya Kasinthula ku Chikwawa zidayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Mpunga unkalimidwa kale m'madambo a Shire, koma ulimi wa ngalande ndi kuwokera mbande m'mizere udazika mizu ndi masikimu amenewa. Kasinthula idasanduka minda ya nzimbe m'zaka za m'ma 1990, pamene Muona idapitiriza ndi mpunga. Mu Disembala 2007 boma la Bingu wa Mutharika lidasiya Taiwan n'kugwirana chanza ndi Beijing, ndipo pambuyo pake padabwera Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe imene idatsegulidwa mu 2010, msewu wa Karonga mpaka Chitipa, ndi yunivesite ya sayansi ya ku Ndata m'boma la Thyolo. Masitolo ndi malo odyera a Matchaina adachuluka m'mizinda m'zaka zomwezo. Ndale za maiko awiriwo n'zawo, koma pa nkhani ya mbale, mayi amene watha zaka makumi asanu miyendo ili m'matope a sikimu ndiye adali katswiri wa mpunga pa gome lonse lija. Mdzukulu adamusankhira zingwezingwe za tirigu.

Alipo akuluakulu ena amene akamva nkhani zotere amagamula msanga kuti okalamba asamapite nawo n'komwe kumalo oterewa, ndipo kuti zonsezi n'kudzionetsera kwa ana a masiku ano. Maganizo amenewa ali ndi mbali yoona, koma apitirira malire. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo chigwa cha Shire sichidakhalepo dziwe lotsekeka. Mtsinjewu ndiwo udali msewu wolowera m'dziko muno kuchokera ku Zambezi. Sitima zapamadzi zinkaima ku Chiromo ndi ku Nsanje, kumene atsamunda ankakutcha Port Herald. Chimanga chimene lero chimaoneka ngati cha makolo chidachokera ku America, monganso chinangwa, mbatata ndi tsabola. Anthu amene adalandira zonsezi n'kuzisandutsa zawo sangaope msuzi wakuda wa soya kapena nyama ya bakha. Ndipo okalamba ambiri amakonda kuona zatsopano kuposa mmene ana awo amaganizira. Akabwerera kumudzi amakhala ndi nkhani yosimba mwezi wathunthu pansi pa mtengo wa masawu. Chimene amadana nacho ndi kusandutsidwa choseketsa.

Pamene akuluakuluwo akunena zoona ndi pa nkhani ya nkhuku. Lesitilanti imaphikira aliyense amene ali ndi ndalama, ndipo wophika wake sadziwa ngati wodyayo ndi mfumu kapena wakuba. Nkhuku yothamangitsidwa pabwalo, kapena yogulidwa yamoyo pa msika wa Ndirande n'kuphikidwa ndi manja a mwini nyumba, imauza mlendo kuti wadziwika ndiponso kuti wina wataya thukuta chifukwa cha iye. Choncho tsiku loyamba la mlendo ndi la pakhomo. Gome la Matchaina likhoza kubwera tsiku lachitatu kapena lachinayi, monga chowonjezera pa ulemu umene waperekedwa kale. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo kumuyambitsira kumalo kumene sangathe kutambasula miyendo n'kutaya masiku ochepa omwewo.

Vuto lina limene achinyamata saliganizira ndi la apongozi. Gome lozungulira lilibe ngodya yobisalako, aliyense amayang'anizana ndi aliyense. M'mabanja ambiri a kuchigwa mkamwini sadya maso a apongozi ake aakazi ali pa iye, ndipo mtengwa naye amachita manyazi kutafuna pamaso pa apongozi aamuna. Mabanja ena adausiya mwambo umenewu, ena akuusungabe, ndipo si udindo wa mwana wa m'tauni kuuthetsa mwadzidzidzi pamaso pa anthu achilendo. Mayi wokalamba akakhazikidwa moyang'anizana ndi mkamwini wake sadzadandaula. Adzangoweramitsa mutu n'kunena kuti sakumva njala. Mankhwala ake ndi ophweka: kufunsiratu kunyumba, ndipo ngati mwambowo ulipo, kupempha magome awiri. Apa ndi pamene miyambo iwiri ija imasiyana, ndipo ikasiyana, wa mwini mimba ndiwo uyenera kutsogola.

Za timitengo todyera siziyenera kutaya nthawi. Malo aliwonse otere ali ndi masipuni ndi mafoloko, ndipo amapereka kwa wopempha. Madzi osamba m'manja nawonso amabwera munthu akawaitanitsa. Mdzukulu amene angaimirire, kutenga jagi m'manja mwa woperekera zakudya n'kuwathirira yekha agogo ake, sadzanyozeka pamaso pa Mtchaina aliyense wodziwa mwambo wa kwawo, pakuti kulemekeza okalamba ndiko maziko a chiphunzitso cha Confucius chimene anthu a kumeneko aleredwa nacho kwa zaka zoposa 2,000. Woyenera kuchita manyazi ndi uja wotulutsa foni.

Nkhani yovuta kwenikweni ndi ya ndalama. Pa gome lija, chakudya chitatha, kapepala ka mtengo kadabwera m'kachikwama kachikopa, ndipo adzukulu akuluakulu adayamba kuwerengetsera pa mafoni kuti aliyense wadya zingati, mpaka kukangana pang'ono za amene adaitanitsa zakumwa. Agogo adamva chiwerengerocho ndipo mumtima adachisandutsa matumba a mpunga. Kuchigwa mlendo sauzidwa mtengo wa nkhuku imene wadya. Ku China nako woitana ndiye amalipira, ndipo kawirikawiri amazemba mwakachetechete kukalipira anzake asadazindikire, mwinanso anthu amalimbirana kuti wolipira akhale iwo. Kusonkherana pakokha si kolakwa, paja pamaliro ndi paukwati anthu amasonkha. Koma msonkhamsonkha umachitikira kuseri, usadafike kapena utapita mwambo, osati pamaso pa amene akulemekezedwa.

Ndipo pali funso limene mdzukulu aliyense ayenera kudzifunsa asadayambe n'komwe ulendo wa kumayadi. Chigwa chidamira m'madzi mu Januwale 2015, chidamiranso ndi namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Dera la Makhanga ndi Muona lidali pakati pa madera ovutika koposa. Ngati nyumba ya agogo idagwa ndipo mpaka lero ikudikira malata, chakudya cha usiku umodzi pansi pa nyali zofiira chimakhala chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Okalamba sanena, koma amawerenga. Amene adatumiza malata ndi mbewu pa nthawi yake akhoza kuwatengera agogo ake kulikonse, ndipo iwo adzadya ndi mtima woyera. Amene sadatumize akungogula chithunzi.

Chomwechonso ndi zotsala. Mwambo wa Matchaina uli ndi chilema chake, ndipo eni ake amachivomereza: woitana amakonda kuitanitsa zochuluka kuposa zimene anthu angathe, kuti mbale zisaoneke zopanda kanthu ndipo iye asaoneke woumira. Kutayika kwa chakudya kudafika poipa kotero kuti mu 2013 kudayamba kampeni yolimbikitsa anthu kumaliza za m'mbale, ndipo mu 2021 boma la China lidakhazikitsa lamulo loletsa kuwononga chakudya. Limeneli ndi dziko limene lidataya anthu mamiliyoni ambiri pa njala ya pakati pa 1959 ndi 1961. Mbali imeneyi ya mwambo wawo njosayenera kuitengera. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Munthu amene m'chaka cha njala adalowapo m'madzi a ng'ona a ku Elephant Marsh kukazula nyika kuti ana adye sangapirire kuona theka la nsomba likubwerera kukhitchini kukatayidwa. Kupempha kuti zotsala azikulunge si umphawi. Matchaina eni ake amatero, ndipo kuchigwa mkute wakhala ukutumiza ana kusukulu ndi alimi kudimba kuyambira kale.

Usiku ujatu ukadatha kuyenda mwa mtundu wina popanda kuwonjezera ngakhale tambala. Agogo akadakhala pampando woyang'ana kukhomo. Mdzukulu akadatseka mabuku onse aja n'kuwafunsa m'chinenero chawo ngati akufuna nsomba, nkhuku kapena nkhumba, ndiponso ngati tsabola amamutha. Akadaitanitsa mbale zisanu kapena zisanu ndi imodzi za onse, mpunga woyera wambiri, masamba okazinga ndi adyo, ndi nsomba yathunthu yophikidwa ndi nthunzi. Galasi lija likadatembenuzidwa mpaka mutu wa nsombayo utaloza kwa iwo, ndipo wodya makakana ndi mlamba kuyambira ubwana sakadafuna womuphunzitsa pochotsa minga. Mwina akadanena kuti msuzi wachepa mchere, kapena kuti masamba sadapse, ndipo pamenepo pakadabuka mtsutso wokoma wa ngati ndiwo zamasamba ziyenera kulira pakamwa kapena kufewa ndi nsinjiro.

Pa zonse zimene zidabwera pa gome usiku umenewo, chimodzi chokha ndicho chidawakopa agogo. Kamdzukulu kena kadasiya mpunga m'kambale kake, ndipo iwo adatola njere zingapo, kuzifikisa pakati pa zala, kuzinunkhiza, n'kupukusa mutu pang'ono. Mpungawo udali woyera bwino ndi womatana, koma udalibe fungo la Faya kapena la Kilombero. Adafuna kudziwa kumene udalimidwa ndiponso ngati eni malowo amagula mpunga wa kuchigwa, koma woperekera zakudya adali atayamba kale kuchotsa mbale, ndipo mdzukulu wawo adali kalikiliki kuwerengetsera pa foni.